Ndinabisa pasipoti ya amuna anga poopa namondwe

Aphungu,

Mtima wanga wakhala pansi tsopano, koma pali kanthu kakundidyabe. Amuna anga, a Elson, ndi khukhi kunyumba kwa manejala pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Bwana wawoyo ali ndi mnzake ku Nacala, ku Mozambiki, amene ali ndi boti la matanga, loyendera mphepo. Mu Juni anapangana zoyenda nalo masiku anayi mpaka ku Pemba, ndipo anati a Elson apite nawo azikawaphikira.

Kutatsala masiku atatu, pa gulu lathu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi panabwera uthenga wakuti kunyanja yamchere kukubwera namondwe woposa Freddy. Aphungu, ife Freddy tinamuona ndi maso. Nyumba ya achemwali anga ku Khwethemule inagwa iwo atangotuluka kumene ndi ana. Nditawamvetsa uthengawo, a Elson anangoseka. "Amake Olivia, woyendetsa botilo ndi wamisala kuti akadziphe yekha?" Atapita kuntchito ndinatenga pasipoti yawo n'kuikwirira m'thumba la nandolo.

Anaifuna masiku awiri, mpaka kudenga. Bwana anakalipa, amvekere ikapanda kupezeka apeza khukhi wina. Apo ndinachita mantha, ndinaitulutsa n'kunama kuti ndaitola kuseri kwa kabati posesa. Atanyamuka, aphunzitsi ena a m'gulu lathu lomwelo anatiuza kuti uthenga uja unali wa zaka ziwiri zapitazo.

Anabwerako amoyo, ndipo ndinagwada pakhomo pomwepo kuthokoza Mulungu. Koma anaonda, thalauza kuchita kuvuka. Akuti masiku awiri oyamba kunali kusanza ndi chizungulire, ngakhale madzi osakhala m'mimba. "Ndimati ndikatsikira kukhitchini kunsi kwa botiko, kafungo ka mafuta kokha, basi zonse zabwerera," anatero. Tsiku lachitatu zinatha zokha, mpaka anakazinga nsomba imene anawedza okha.

Tsopano akuti mu Sepitembala awoloka mpaka ku Madagascar, masiku asanu osaona mtunda. A Elson akufunitsitsa, akamakamba za nyanja nkhope imachita kuwala, ndipo sindikufunanso kuwatchinga. Koma za nyengo ndizimvera ndani? Nanga kusanzaku tingakupewe bwanji? China n'chakuti sabata imene ndinabisa pasipoti ija tinali ndi alendo, achimwene awo a Jonas, ndipo mpaka lero a Elson amakhulupirira kuti ndi iwo anabisa pasipotiyo chifukwa cha nsanje. Sakulankhulana. Ndiulule?

T.M., Luchenza

Mayi T.M.,

Ululani, ndipo musadikire Sepitembala. Munachita zimenezo chifukwa cha chikondi ndi mantha, zimenezo ndazimva, koma alamu anu akusenza mlandu wosaudziwa. Auzeni bambowo muli awiri, apse mtima n'kuphwa, kenaka mupite nonse kwa a Jonas mukapepese ndi pakamwa panu.

Za nyengo, uthenga wopanda deti komanso wopanda dzina la amene waupereka musaukhulupirire, ndipo musautumizenso kwa wina. Mverani a nthambi ya boma yoona zanyengo, pawailesi kapena pa tsamba lawo. Koma dziwani kuti mvula ya ku Thyolo si mphepo ya pakati pa nyanja. Woyendetsa boti wodziwa ntchito amaona zimene alengeza a zanyengo a ku Mozambiki ndi a mayiko a m'nyanjamo, n'kuyerekeza ndi mapulogalamu awiri kapena atatu a pafoni oonetsa mphepo ndi kutalika kwa mafunde. Zikagwirizana amanyamuka, zikasemphana amadikira. Ulosi wa masiku atatu umadalirika ndithu, koma kupitirira apo umayamba kuphonya. Choncho a Elson afunse mosachita manyazi kuti ali pakati pa nyanja, kumene foni wamba siigwira, za nyengo azidzazimva bwanji. Afunsenso nambala ya munthu wa kumtunda amene azidzadziwa pamene boti lafika, ndipo nambalayo ikhale ndi inu. Chokupepukitsani mtima n'chakuti anamondwe a kuderali amakonda kubwera kuyambira Novembala mpaka Epulo, ngakhale mphepo yamphamvu ilibe mwezi.

Kusanza kumene mwanenako si kulodzedwa, ndipo si ulesi. Thupi limasokonezeka ndi kugwedezeka kwa boti, ndipo kwa anthu ambiri limazolowera pakatha masiku awiri kapena atatu, monga zinachitikira kwa bambowo. Apite kuchipatala cha pa esiteti akafunse mapiritsi oletsa nseru paulendo. Ayambe awayesa ali kunyumba, chifukwa ena amagonetsa, ndipo adzamwe boti lisananyamuke, osati nseru itayamba kale. Dzulo lake asamwe mowa kapena kudya zonona. Poti vuto lawo lalikulu ndi khitchini ya kunsiyo, aphikiretu chakudya cha masiku awiri boti lili padoko. Zikayamba, akhale pamwamba pamene pakupita mphepo, maso kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo. Azidya pang'onopang'ono zouma ngati mabisiketi, azitafuna jinja, ndipo madzi azimwa timakamwa pafupipafupi. Alongedzereni timapaketi ta mchere ndi shuga tosungunula m'madzi tija. Akaona kuti tsiku latha osakodza, auze woyendetsa msanga.

Chenjezo langa ndi ili: munthu wa chizungulire asasuzumire m'mphepete mwa boti kuti asanzire m'nyanja. Asanzire m'ndowa, atavala jekete yoyandamitsa, atadzimangirira ku boti. Ndipo akadzamva woyendetsa akunena kuti "tinyamuka Lolemba, zivute zitani," atenge chikwama chawo atsike. Ntchito ya ukhukhi idzapezeka ina, koma a Elson ena simudzawapeza.

Aphungu