Mawu Anu M'munda wa Mpunga

Amayi, kumene munapitako mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo. Kwa mlongo wanga Zakariya kwabadwa mwana wamkazi mwezi wathawu, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija. Mbuzi yamawanga inafa. Denga la khitchini likudonthabe pomwe munkatchera beseni paja.

Koma ndakulemberani chifukwa cha mpunga wanu wa kudambo, ndiponso kuti ndiulule zimene ndachita. Chaka chino wabereka bwino, ndipo mpheta zadziwa kuti mwini munda kulibe. Ine ndimakhala ndikuphunzitsa kusukulu mpaka masana, Zakariya ali ku Entre Lagos ndi malonda ake, abambo miyendo ija mukuidziwa. Woingitsa mbalame panalibe.

Mukukumbukira tizipangizo tanga tija munkati zinyalala za aprofesora? Munkakonda kunena kuti, "Mwana wamkazi wanji wosunga mawaya m'lichero?" Zinyalalazo ndi zimene ndinatenga. Pali kakompyuta kakang'ono, kokwana m'chikhatho, kamene kanabwera pa komboyo, sitima ya pamtunda ija, kuchokera ku Nampula. Ndinakalumikiza ku sola, ku batire ya njinga yamoto ndi ku sipika ya wailesi yakale ija, n'kuwonjezera kachipangizo kozindikira chinthu chikayenda pafupi. Ndinakalembera malangizo akuti kanthu kakangodutsa, kazikuwa. Zonsezi ndinatsekera m'chigubu cha mafuta ophikira kuopa mvula, n'kupachika pamtengo pakati pa munda.

Poyamba ndinaikamo phokoso la zitini. Mbalame zinazolowera masiku awiri okha, zina mpaka kumatera pachigubu pomwepo. Ndiye ndinakumbukira kuti m'foni mwanga muli mawu anu, amene ndinakujambulani mobisa chaka chatha mukukalipira mbalame: "Chokaniko! Munalima nawo inu?" Ndinaikamo amenewo. Amayi, mpheta zimakuopanibe mpaka lero.

Cholakwa changa n'chakuti sindinauze munthu. Mutu wanga unali pa mawaya, osaganizako kuti njira ya kuchitsime imadutsa m'mphepete mwa mundawo. Azakhali a Esinati atangomva mawu anu anataya ndowa n'kuliyatsa liwiro. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mukuyendayenda kudambo chifukwa sadaka yanu sitinaiyendetse bwino. Amalume anandiitanitsa n'kundikalipira ngati kamwana. Anati munthu amene tinamuika kale m'manda satumidwa ntchito ya kumunda, ndipo anandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndichotse chigubucho. Ndinachita manyazi, chifukwa sananame. Moyo wanu wonse munasasa mawu m'munda umenewo, ine n'kukubwezeraninso komweko.

Lachisanu m'mawa ndinapita ndi mpeni woti ndikadulire mawaya. Ndinapeza abambo atakhala pachulu pafupi ndi mtengowo, ndodo ili pambali. Munthu amene chichokereni inu ndinkayesa kuti sapitirira pakhonde. Anavula chipewa n'kuchigwedeza patsogolo pa chigubu, inu n'kukuwa. Anadikira pang'ono, n'kugwedezanso. Sanandione. Ndinabwerera kunyumba mpeni uli m'manja, ndipo ndinalira njira yonse.

Kenako ndinamva kwa amayi otunga madzi kuti abambo akhala akupitako m'mawa uliwonse ndikangonyamuka kupita kusukulu, kuyambira tsiku limene azakhali anathawa lija. Nditawafotokozera amalume, anangoti tidikire mpunga uche. Mbalame sizikuteranso n'komwe, poti abambo amakhala momwemo mpaka dzuwa litafika pamutu.

Choncho mundikhululukire, amayi, mupirireko masabata atatu okha. Tikangomweta mpunga ndidzatsitsa chigubucho ndi manja anga kuti mupumule. Mawuwo sindidzafufuta ayi. Ndidzawaika m'foni ya abambo, kuti muzidzawakalipira okha pakhonde monga kale.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa mawaya m'lichero uja,
Jowana