Cholembera chanu chapezeka

Bambo a ana,

Mtima m'malo, cholembera chanu cha inki yobiriwira chija chapezeka! Chinali m'thumba la malaya anu oyera, ndachiona nditaviika kale zovala m'beseni. Chikulemba bwinobwino, umboni ndi kapepala kano. Ndachibwezera m'bokosi mwa zinzake. Koma malayawo atisiya, pepani. Yunifolomu yanga nayonso yabiriwira ngati dimba, ndiye ndathamangira kukabwereka ina kwa mnzanga ndisanachedwe kuntchito.

Ine ndapuma, chifukwa nkhope ya maliro munavala ija inanditopetsa. Zovalazo musazikhudze. Ntchito yanu ndi imodzi: mupepese kwa alamu anu amene munawapisa m'matumba pakhomo pofufuza cholemberachi. Muwalembere kalata ndithu. Zolembera zadzaza bokosi, lero zigwireko ntchito.

Ndine mkazi wanu wobiriwira manja.