Mwini Wake wa "Dzukani"

Lamulungu, pa 2 mwezi wa Mangsir

Nkhani yaikulu lero, yoposa phiri. Smriti, mtsikana amene amaulutsa m'mawa pa Radio Chattan, watsika kuchokera pamwamba pathu n'kudzakhala pa benchi ya tiyirumu yanga. Akuti wailesi ikukwanitsa zaka makumi atatu Lachisanu likubwerali, ndipo iye akutolera mbiri yake yonse. Akufuna tsikulo ndikwere, ndikaime pa maikolofoni, ndikakuwe "Dzukani" Kathmandu yense akumva.

Ndamuuza kuti bahini, mlongo wanga, wagogoda pakhomo loyenera. Wailesi imeneyi inabadwira pamutu panga penipeni. Anyamata atatu a tsitsi lofika m'chiuno anachita lendi kachipinda pamwamba pa tiyirumu, n'kumata makatoni a mazira m'makoma, n'kuyamba kuulutsa nyimbo za roko. Malemu amayi anga ankati kumwambako anthu akumenyana ndi malata. Ndipo mfuu ija imatsegula wailesi 6 koloko m'mawa uliwonse magitala asanayambe kubangula, "Dzukaniii" wamkulu ngati bingu uja, inatuluka pakhosi panga pano. Anayesa oimba khumi, onse analira ngati anapiye. Ine ndinangokwera ndi makapu a tiyi, kukuwa kamodzi, galasi la zenera linang'aluka, nkhunda za ku Patan zinakatera ku India. Nchifukwa chake chikwangwani changa chimati TIYI WA CHAKRA, MWINI MAWU A DZUKANI.

Smriti amalemba zonse. Pa nkhunda paja anaika cholembera pansi.

Akazi anga, amake Prabin, anali pa mbaula, akumva. Anangogogoda poto ndi supuni kawiri. Chichitireni opaleshoni ya pakhosi zaka ziwiri zapitazo amangonong'ona, ndiye supuni ndi imene imawalankhulira. Kamodzi ndiye kuti bwerani. Kawiri ndiye kuti mwaonjeza.

Lolemba, 3 Mangsir

Ndayeserera kukuwa kuseri pa mpopi. Kwatuluka mawu a mbuzi ya pa chikondwerero cha Dashain ikaona mpeni. Ndi kuzizira kwa mwezi uno basi.

Tsoka lake Gyalzen wa takisi anali atafika kale kudzamwa tiyi wake. Wandifunsa kuti Chakra dai, mkulu wanga, kuseriko mukupha chiyani, tidye nawo? Ndamuuza kuti mkango suonetsa mano pa benchi ya tiyi. Iye akuti zaka makumi atatu wakhala pa benchi imeneyi sanaumveko mkangowo ngakhale kutsokomola.

Kenaka Smriti wabwera ndi foni yake kudzamujambula mawu, pakuti naye ali m'mbiri. Gyalzen akayamba kukamba za wailesi amaiwala chipongwe. Wanena za chaka chija asilikali anakhala mu situdiyo ndi mfuti zawo, kuletsa kuwerenga nkhani. Anyamata aja anangoti chabwino, n'kumaika "Dzukani" ola lililonse, kenaka gitala. Msilikali akafunsa, ankamuyankha kuti ndi chizindikiro cha wailesi chabe. Koma ana asukulu anamva zimene anamva, mpaka anazilemba pa nsalu n'kupita nazo mumsewu. Wanenanso za chivomezi, pamene makoma anang'aluka, wailesi n'kutsikira pabwalo pansi pa lona. Batire la takisi yake ndi limene linkayendetsa makina, anthu akubwera kudzaitana mayina a abale awo osowa. Ine ndawonjezera kuti tiyi anali wanga, makapu zikwi zisanu patsiku. Supuni kawiri.

Pochoka Gyalzen wati wauza madalaivala onse a pa siteji kuti Lachisanu aime pano, mawailesi otsegula mpaka kumapeto. "Ikatuluka mbuzi, dai, chikwangwani chija ndidzapenta ndekha. Penti ndili nayo kale."

Lachiwiri, 4 Mangsir

Uchi, jinja, madzi otentha a mchere. Mbuzi yomweyo, koma yonenepa pang'ono.

Pano palibe akundimva, ndinene zoona. Kukuwa ndinakuwadi tsiku lija, ndikukumbuka bwino kachipindako ndi fungo la fodya. A Tekraj, amene ankayendetsa makina, anati tayesani achimwene, ine n'kuyesa. Galasi silinasweke. Sabata yotsatira ndinamva bingu pa wailesi, ndinafunsa a Tekraj ngati ndi ine, iwo anati eya, ndi inu. Basi. Koma zaka zonsezi ndayesapo mobisa, posamba, panjinga, sizinabwererenso. Ndinkangoti makina amakometsa.

M'mawa uno ndinaika khutu pa wailesi penipeni, koyamba m'moyo wanga kumvetsera osati kungonyadira. Pali kanthu. "Dzukani" akamatha, gitala isanalowe, pamamveka kaphokoso kakuti tsss, ngati madzi agwera pamoto. Kameneko nchiyani? Ine sindinachite tsss.

Ndamufunsa Smriti. Akuti iwo ali ndi ya pakompyuta yokha, tepi yeniyeni inapita ndi a Tekraj atapuma ntchito, ali ku Kirtipur akuweta nkhunda. Wandionetsanso makalata a omvera odzaza katoni. Wina ali ku Qatar, akuti amatchera wailesi pafoni kuti mawu angawo amudzutse ngati ali kwawo. Mayi wina akuti mwana wake anabadwa "Dzukani" akumveka m'chipinda cha anamwino. Ndinati mwaona, ndimabereketsanso. Koma kuseka kwanga sikunafike m'mimba.

Tsss ameneyu sakundipatsa mtendere. Mawa ku Kirtipur.

Lachitatu, 5 Mangsir

Ndinawauza amake P. kuti ndikukafuna masamba a tiyi abwino. Anandiyang'ana nthawi yaitali, supuni ili m'manja, osagogoda.

A Tekraj ndinawapeza padenga ndi nkhunda zawo. Tsitsi lonse lija linapita, pamutu pangotsala bwalo. Atandiona anati ha, bingu la Kathmandu lakwera masitepe likupuma ngati mvukuto. Ndinati inu tsitsi munalisiya pa wailesi kapena nkhunda zinamangira zisa? Tinamwa tiyi. Woipa kwambiri, koma ndinapirira.

Ndinanena chimene ndinadzera. Anafunsa ngati alamu awo, amake Prabin, akudziwa kuti ndili kuno. Ndinati nkhani ya pakhosi panga ikuwakhudza bwanji alamu anu? Anapukusa mutu, n'kukatulutsa chimakina chakale cha mawilo awiri pansi pa bedi, kupukuta fumbi, kukulunga tepi.

Poyamba anandimvetsa ineyo. Mawu anga enieni a tsiku lija. Mbuzi. Mbuzi yomweyi ya pa mpopi, koma yachinyamata, ndipo kumbuyo anyamata akuseka mpaka wina kutsamwa. Ndiye si kuzizira ayi, ndinabadwa nayo.

Kenaka anapititsa tepi patsogolo, bingu lija n'kutuluka, ndi tsss wake. Anati tsopano tamverani, n'kutembenuza kabatani kamodzi. Akuti pa wailesi ankaiyendetsa pang'onopang'ono, theka la liwiro lake, nchifukwa chake mawu ankakula. Ili ndiye linali liwiro lake lenileni.

"Dzukani! Abambo ake Prabin, dzukani, mkaka ukusefukira!"

Tsss. Mkaka pa mbaula.

Ndinakhala pansi, ngakhale ndinali kale pansi. Mawu amenewo ndinali nditawaiwala. Akuthwa, owala, otha kudula msewu pakati. Amake Prabin ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.

A Tekraj akuti anali masana, akuyesa maikolofoni zenera lili lotsegula, ine nditagona pa matumba a shuga pansipo. Anadula "Dzukani" yekha, n'kumuchedwetsa. Tsiku loyamba kuulutsa, alamu anakwera masitepe, atadzizindikira ngakhale m'bingu. Mtengwa kukalipira mwamuna wake pa wailesi, apongozi ali moyo m'nyumba momwemo? Akanabwezedwa kwawo tsiku lomwelo. Anawapempha kuti aichotse. A Tekraj anakana, akuti inali yokoma kwambiri. Ndiye alamu anati, "Chabwino, koma muwauze kuti ndi awo. Akhulupirira."

Ndinakhulupiriradi. Mpaka penti.

Ndinati ayikenso. Anayika kanayi. Pobwerera ndinapitirira siteji yanga, ndinakatsikira ku Ratna Park ngati mlendo.

Lachinayi, 6 Mangsir

Ana asukulu aja ankapita mumsewu poganiza kuti wailesi ikudzutsa dziko. Chonsecho ankadzutsidwa munthu mmodzi, waulesi, wogona pa shuga.

Masana makasitomala atachepa ndinakhala pafupi nawo akusenda jinja. Ndinati masamba a tiyi a ku Kirtipur sindinawapeze, koma ndinapeza mkaka wosefukira. Mpeni unaima. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka. Amaseka, kuseka kwawo kwa masiku ano kopanda mawu, misozi mpaka pachibwano.

Anandikodola kuti ndibweretse khutu. "Zaka makumi atatu. Ndimakukalipirani tsiku lililonse, inu osandizindikira."

Ndinati mawu anu ndinkawamva ndi msana, pothawa. Ndinafunsa chifukwa chake sananene amayi atamwalira. Anati nanga chikwangwani chinali chitapentedwa kale, ndipo ndinkaoneka wosangalala. Anatinso chichitireni opaleshoni amadzuka msanga dala, 6 koloko isanakwane, kuti adzimve.

Apa ndinapita kukasuntha makapu amene sanafunike kusuntha.

Nditabwerera ndinafunsa kuti nanga mawa nditani. Smriti sakudziwa kanthu. A Tekraj sanganene. Ndikhoza kukulunga mpango pakhosi, kunena kuti chimfine chandigwira, iwo n'kuika ya pakompyuta, Gyalzen n'kubwerera ndi penti yake. Amake P. anangotola mpeni wawo. "Mawuwo ndinakupatsani kalekale. Chitani nawo zimene mukufuna."

Supuni sanagogode, ngakhale kamodzi. Bola akanagogoda.

Mpango ndautulutsa m'bokosi. Ndaimbiranso a Tekraj kuti abwere ndi chimakina chawo. Zonse ziwiri ndi zokonzeka, sindikudziwa.

Lachisanu, 7 Mangsir

Matakisi khumi ndi anayi pakhomo. Ndawerenga, sindikuonjeza. Gyalzen ataika chitini cha penti pa boneti kuti ndichione bwino.

Ndinakwera nditavala mpango. Situdiyo yadzaza, akale ndi atsopano, ena a imvi atavala majekete achikopa amene sakutsekekanso pamimba. A Tekraj pakona ndi makina awo pamiyendo. Smriti anakamba za makatoni a mazira, za asilikali, za lona, kenaka anati tsopano tili ndi mwini mawu amene adzutsa mzinda uno zaka makumi atatu, a Chakra dai, maikolofoni ndi yanu.

Ndinatsokomola kamodzi, kukonzekera chimfine changa. Pazenera, zenera lomwe lija, ndinaona pansi amake Prabin ataima pakhomo la tiyirumu, kawailesi kathu atakagwira pachifuwa.

Ndinavula mpango. Ndinati anthu a Kathmandu, mumandidziwa, sindinanamepo. Situdiyo yonse inaseka, kunja mahutala. Ndinati lero ndikuuzani chachikulu kuposa zonse ndinakuuzanipo. Kukuwa aliyense angathe. Koma ndani mwa inu anakwatira bingu? Ndani anagona tulo tamphamvu chotere mpaka mfuu yomudzutsa inadzutsa dziko lonse, iye osadzuka? A Tekraj, tayikani.

Anayika, pa liwiro lake lenileni, mpaka mkaka, mpaka tsss.

Kenaka kunja mahutala onse khumi ndi anayi pamodzi, nkhunda za padenga n'kuuluka. Za India sindikudziwa, koma zinaulukadi.

Smriti anafunsa dzina lawo, pakuti mbiri imafuna dzina. Ine dzina la mkazi wanga sindinalitchulepo pagulu chikwatirireni. Ndinati Hira Devi. Anati mubwereze, ndinabwereza.

Nditatsika ndinapeza madalaivala atawazungulira, aliyense alamu, alamu, kufuna chithunzi. Iwo ataphimba kumaso ndi nsalu, koma osathawa. Gyalzen anandiyang'ana, nayang'ana chikwangwani, n'kunena kuti dai, mbuzi sinatuluke koma penti igwirabe ntchito. Ndinamugwirira makwerero ndekha. Anafuta mawu amodzi okha. Tsopano chimati TIYI WA CHAKRA, MWAMUNA WA MAWU A DZUKANI. Zilembo zake zokhota ngati msewu wa ku Kirtipur, ndamuuza.

Loweruka, 8 Mangsir

Tsiku lopuma, ndinati ndigone mpaka dzuwa lifike pamutu. Sindinadziwe kuti Smriti wasintha chotsegulira wailesi, waika ya a Tekraj yosachedwetsa.

6 koloko, pafupi ndi khutu langa: "Abambo ake Prabin, dzukani, mkaka ukusefukira!"

Ndinapezeka ndili kukhitchini, phazi limodzi m'silipasi, ndikuzimitsa mbaula yosayatsa. Palibe mkaka, palibe poto. Gitala ikubangula kuchipinda.

Amake Prabin anali pakhomo, kawailesi m'manja, mapewa akugwedezeka. Anagogoda chitseko ndi supuni. Kamodzi.