Botolo la a Hakimu ndi Zigoba za Mazira

KALABU YA ALIMI A TOMATO YA TIKONDANE: MSONKHANO WA KOMITI

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Pakhonde la golosale ya mayi Dailesi, Lirangwe
Opezeka: a Zakeyo (wachiwiri kwa wapampando), a Maness (mlembi), a Christmas, a Ivy, mayi Dailesi, ndi mayi Sikina (akazi awo a wapampando)
Osapezeka: a Hakimu (wapampando, akudwala impso)

1. Kutsegula
A Zakeyo anatsegula ndi pemphero 2 koloko masana. Anakana mpando wa a Hakimu, nakhala pa kireti ya zakumwa.

2. Mankhwala a zigoba
A Christmas anapereka lipoti la mankhwala opopera tomato kuti asamaole kumunsi. Anati anakazinga zigoba za mazira, kuzisinja, n'kuthirapo viniga. Zinachita thovu, ndipo litaleka anasefera m'chigubu. Madziwo alangizi amawatcha kashiyamu asiteti. Akauma amasiya ufa woyera womveka kafungo ka viniga, wosachedwa kusungunuka m'madzi.

Mayi Dailesi anadandaula kuti ogula mazira owiritsa akuthawa, poti a Christmas amawaimira pamutu kudikira zigoba. Komiti inapempha a Christmas kuti azidikirira chapatali.

3. Za wapampando
Mayi Sikina anati a Hakimu akupitabe m'tauni kukasefedwa magazi pamakina, koma mapilisi amene amamwa pamodzi ndi chakudya atha. Tomato wa kudimba kwawo ku Chileka, amene amadalira pogula mapilisiwo, wayamba kuola kumunsi. Anaonetsa botolo lopanda kanthu.

A Christmas atawerenga dzina la pabotolopo, loti kashiyamu asiteti, anaimirira, misozi ikulengeza. Anati: "Mayi, si omwewa ali m'chigubu mwanga? Tengani onse, achimwene amwe." Komiti inaomba m'manja, ndi mlembi yemwe.

A Ivy, amene amagwira ntchito ya zaumoyo, anadikira kuti phokoso lithe. Anavomera kuti mankhwala ndi amodzi, ndipo m'mimba amagwira fosifeti, mchere wa m'zakudya amene impso zodwala zimalephera kutulutsa. Koma a m'chigubu alibe muyeso, zigoba zake n'zotola pansi pa benchi, komanso kashiyamu akachuluka m'magazi amasokoneza mtima. Anati: "A Christmas, chikondi chanu tachiona, koma a Hakimu si tomato."

A Christmas anakhala pansi atazolika. Kenako mayi Sikina anafunsa: "Bambo akunyumba asamwe, chabwino. Nanga tomato wawo walakwanji?"

Zogwirizana: Lolemba komiti yonse ipite ku Chileka kukathyola woola, kuthirira ndi kupopera wotsalayo. A Ivy agule botolo loyamba la mapilisi ndi ndalama za m'thumba la kalabu. Ndalama za otsatirawo zidzachokera m'dimbamo. A Christmas anati sipuleya asenza okha, ndipo palibe anayerekeza kuwatsutsa.

4. Zina ndi zina
Mayi Dailesi anabweza dandaulo lawo la pa nambala 2. Anati zigoba azisunga okha, zotsukatsuka.

5. Kutseka
Msonkhano wotsatira udzakhala pa 12 Julayi pakhonde la a Hakimu, kuti asadzalembedwenso pa osapezeka. Mayi Sikina anatseka ndi duwa (pemphero lachisilamu) 4 koloko itangodutsa.

Mlembi: Maness

Wapampando: ..............................
(A Zakeyo akana kusayina. Ati mzerewu uli ndi mwini wake, ndipo timudikira.)