Chifuwa cha a Chirwa

Lachinayi. Mtima uli m'mwamba.

Lero taika maliro a mlonda wa pasukulu pathu, a Chirwa, ku Sanga. Asuweni awo anavala jekete la malemuwo n'kumatsimphina ngati eni ake, mpaka amasiye anamwetulira. Ine mphunzitsi wobwera dzana kuchokera ku Dedza, wofuna kuoneka wochezeka, ndinaimirira n'kutsanzira kakhosomoledwe ka malemuwo. Panangoti zii.

Mwana wawo wamkulu anandiyandikira. "Asambizi, pali ubale wanji pakati pa inu ndi adada?"

Panalibe ubale uliwonse. Nthabwala zija n'za asuweni okha, ndipo chifuwa chomwecho ndicho chawapha.

Mwana wawo uja akuti mawa abwera kusukulu ndi amalume ake. Ndikapepesa bwanji? Komanso chibwerereni kumanda, nanenso kukhosi kukungondiyabwa, ndipo ndayamba kukhosomola...