Tadala Akudikira Amayi Ake

Lolemba, 9 Juni

Kwazizira. Ana afika mochedwa, ena atavala majuzi a akuluakulu ofika m'maondo. Ndasesa, ndayala mikeka, ndatsukanso makapu a phala ngakhale ndinawatsuka Lachisanu. Madamu Kate, mphunzitsi wathu wamkulu pa mkombaphala pano, amati ndimatha sopo. Mwina n'zoona.

Tadala wabweranso lero, koyamba chimwalirireni mayi ake, Iness. Wamuperekeza ndi a Esinati, mkulu wawo wa malemu, amene akumusunga tsopano. Bambo ake ali ku Joni, ngakhale pamaliro sanafike. Mwanayu ali ndi zaka zinayi. Amumeta, kamutu kakuoneka kakang'ono.

Ndalakwitsa. Ndilembe mmene zinachitikira.

Nthawi ya phala anayamba kulira, osati mokuwa, kungosisima. Ine chikho chili m'manja, ana akukankhana pamzere, Sarah wataya kapu yake pamkeka. Ndiye ndinanena zimene timanena kwa mwana aliyense akamalira: "Tonthola, amayi abwera kudzakutenga tikaweruka." Pakamwa panangoyankhula pokha. Mawu amenewa ndimawanena tsiku lililonse chiyambireni ntchito ino.

Analeka kulira pomwepo. Anandiyang'ana. "Lero?"

Ndinamuonjezera phala.

Poweruka anakana kupita ndi a Esinati mpaka anachita kumubereka. Khosi lili chotembenukira kumsewu wa ku Thambani.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndawauza Madamu m'mawa ana asanafike. Sanandikalipire. Anangoti, "Mayi Lucia, inunso." Kenako anati ana sachedwa kuiwala, tisaiyambitsenso nkhaniyo.

Sanaiwale. Nthawi yosewera sanapite pakatungwe. Anakaima kumpanda, paja nsungwi zinathyoka, kumayang'ana kabaza aliyense wodutsa. Iness ankagulitsa manachesi kumsika ndipo masana ankabwera pa kabaza kudzamutenga, dengu atalimangirira kumbuyo. Tsiku lomaliza anachoka bwinobwino m'mawa, anakagwa kumsika, n'kukamwalirira kuchipatala ku boma. Ndiye mwanayu chimene anaona n'chakuti mayi ake anakwera njinga.

Mutu ukundipweteka kumanzere. Ndamwa mankhwala a bipi nthawi yake, si amenewo.

Mpanda uja ndiuze a komiti akonze.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinadzera kwa a Esinati poweruka. Ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde, Tadala ali kuseri ndi anzake. Ndinapepesa maliro kachiwiri, tinakamba za kuzizira, kenako ndinafunsa chapansipansi ngati mwanayu anauzidwa.

"Anauzidwa," anatero. Masiku a maliro anamupititsa kwa achibale kwa Nthache. Atabwera naye, ali mtulo, agogo ake anamunong'oneza m'khutu kuti amako amwalira, usawafunenso. "Si ndi mmene timachitira, achemwali? Kwanu kwa Kanduku mumachita zina?"

Ayi. Kwathunso n'chimodzimodzi. Amati mtima umamva ngakhale mwana ali mtulo, ndipo umavomera pang'onopang'ono popanda kumupweteka.

Ndinafunsa kuti nanga akafunsa ali maso mumati chiyani. Anati amamuuza kuti apita ku Tete kukaoda katundu. "Ku Tete n'kutali. Atopa yekha kufunsa."

Zanga za Lolemba zinali pakamwa. Ndinazimeza. Anandipatsa mtedza m'kajumbo, ndinalandira ndi manja awiri ngati munthu wabwino.

Lachinayi, 12 Juni

A Esinati afika m'mawa nkhope ili gwa. Sanalonjere bwino. Tadala anawauza dzulo kuti Anti Lucia anati amayi abwera.

Anayankhulira pakhomo la kalasi, makolo ena akumva. "Ife tinachita zathu, mwana anayamba kukhazikika. Inu mwamudzutsa. Tsopano sakudya, akungokhalira kufunsa. Dzulo munakhala pakhonde panga, bwanji osanena?"

Ndinati pepani. Ndinatinso pepani. Panalibe china.

Madamu anawatengera pambali. Ndinamva akuti, "Sanachitire dala, mayi." Iwo anati zikapitirira amusiyitsa sukulu, azikhala pakhomo. Pakhomo pamenepo masana pamatsala agogo okha, ena onse amakhala kudimba.

Ndaphunzitsa nyimbo ya a e i o u mawu akunjenjemera. Ana anaona ngati ndikuchita dala, anaseka.

Lachisanu, 13 Juni

Ana asewera maliro.

Ndinali kukhitchini kukokera moto. Pobwera ndinapeza akulunga chitsononkho m'kansanza, achiika m'katoni ya choko, anyamula anayi, ena akutsatira pambuyo akuimba nyimbo ya kwaya ija tinaimba poperekeza Iness. Mawu akulakwitsa koma chuni chake chomwecho. Atsikana afunda majuzi kumutu, akulira mayo mayo, kwinaku akuseka.

Ndinafunsa kuti mukuchita chiyani. Sarah anati, "Tikukaika amake Tadala." Sarah amakhala pafupi ndi kusiwa kuja, anaona zonse.

Tadala anali kumpanda. Anamva. Anabwera osathamanga, n'kuima kutsogolo kwa Sarah.

"Wabodza iwe. Amayi anga ali ku Tete. Anti Lucia anati abwera." Kenako anatembenukira kwa ine. "Eti anti?"

Ana onse anandiyang'ana. Ngakhale onyamula katoni aja.

Ndinati, "Tiyeni tikasambe m'manja, phala lapsa."

Phala linali lisanapse. Anakhala pamzere nthawi yaitali manja ali onyowa, akunjenjemera.

Madamu akuti ku maphunziro a alezi anawauza kuti mwana aziuzidwa zoona, ali maso, m'mawu osavuta. Koma akuti onena ndi abale, ife si malo athu, komanso iwo ndi obwera kuno, sangalowerere miyambo ya eni mudzi. Ndikumva. Koma amene akufunsidwa "eti anti" ndine.

Loweruka, 14 Juni

Ndachapa. Ndakonza mpanda uja ndekha ndi luzi, a komiti achedwa.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo. Tadala anali kutsogolo pamiyendo ya agogo ake. Anatembenuka, anandiona, anandimwetulira n'kukweza dzanja. Amandikhulupirira. Ndi chimene chikundiwawa kuposa mawu a a Esinati.

Ulaliki sindinaumve.

Lolemba, 16 Juni

Tadala sanabwere. Kapu yake ndinaitsuka n'kuibwezera m'beseni.

Melvin ali ndi zipere kumutu, ndiwauze mayi ake. Ufa wa phala watsala wa sabata ino yokha.

Lachiwiri, 17 Juni



Dzulo a Esinati anamusiya pakhomo ndi agogo ake, iwo n'kupita kudimba. Agogo anasinza padzuwa. Mwana anavala nsapato zake za kutchalitchi n'kutsata msewu wa ku Thambani yekha. Anamupeza ndi a Laston a kabaza atadutsa kale pamlatho, pamene malole a makala amatsika mothamanga paja. Atamufunsa anati akukachingamira amayi, mwina katundu wawalemera.

A Laston ndi amene ankamunyamula Iness masiku ambiri. Akuti anangomukweza mwanayo pa njinga, njira yonse misozi ikutsika, mwana kumbuyo akuwafunsa ngati ku Tete n'kuseri kwa phiri lija.

Andiuza okha a Laston m'mawa uno, ataima pampanda. Anati, "Mayi, mwana uja adzafera pamsewu. Wina anene."

Ndinalowa m'kalasi, ndinapeza ndaika makapu m'malo mwa mabuku. Madamu anandiuza kuti ndikhale kaye pansi. Ndinakhala. Kenako ndinawapempha kuti poweruka tipitire limodzi kwa a Esinati. Anavomera.

Tinapita. A Esinati sanatikalipire. Atopa, maso atupa. Madamu anayankhula pang'ono, mwaulemu, sananene kuti mwambo ndi wolakwa. Anangoti khutu linamva ali mtulo, koma miyendo ikuyenda ali maso. Agogo anali pomwepo, anangoyang'ana pansi. Anati iwo mbali yawo anachita, zotsalazo achite ana.

A Esinati anati, "Dzulo ndinayesa. Ndinamukhazika apa. Ndikamuyang'ana ndikuona Iness ali mwana, pakamwa pakukana."

Ndinati bodza lija ndinanena ndine, ndiye ndiyambe ndine, iwo amalize. Sindikudziwa kuti mphamvu yonena zimenezo inachokera kuti.

Tagwirizana mawa, kusukulu, ana ena akakhala m'kalasi.

Lachitatu, 18 Juni

Ndinayeserera mawu njira yonse, pofika ndinali nditawaiwala.

Madamu anatsekera ana m'kalasi n'kuyambitsa nyimbo. Ife tinayala mkeka kuseri kwa khitchini, padzuwa. Ine, a Esinati, Tadala pakati. Anali ndi nachesi m'manja, akulisenda ndi chala chachikulu.

Ndinati, "Tadala, tsiku lija ndinakuuza kuti amayi abwera kudzakutenga. Ndinanama. Sabwera."

Anapitiriza kusenda. "Abwera mawa?"

"Ngakhale mawa."

Ndinayang'ana a Esinati. Ndinaopa kuti adzuka n'kuthawa, ine n'kutsala ndi theka la nkhani. Koma anamugwira mwana phazi, n'kunena.

"Mwanawe, ku Tete sanapite. Amayi ako anadwala kumsika, anapita nawo kuchipatala, anamwalira. Tinawaika kumanda, pafupi ndi agogo ako aamuna."

"M'katoni?"

"M'bokosi."

"Ndiye akadzuka atuluka bwanji?"

"Sadzuka, mwanawe. Munthu akamwalira sadzuka."

M'kalasi akuimba za masiku a pasabata. Tadala anayang'ana nachesi lija, anachotsa kaulusi koyera, anakaika pamkeka bwinobwino. Kenako anafunsa ngati amayi ake anatenga juzi, poti kukuzizira.

A Esinati anati, "Tinawafunditsa bulangete lawo lija la maluwa."

"Lija timafunda tonse?"

"Lomwelo."

Apa a Esinati analephera, anabisa nkhope m'chitenje. Mwana sanalire. Anawayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kudzuka kukaima yekha pakona pa khitchini, chotifulatira. Ndinafuna kumutsatira. A Esinati anandigwira mkono, anati musiyeni kaye.

Anapita naye kunyumba nthawi isanakwane. Pochoka sanandiyang'ane.

Sindikudziwa ngati tachita bwino. Madamu akuti tachita bwino. Iwo sanaone msana wa mwana uja.

Lachinayi, 19 Juni

Wabwera. Sindinayembekezere. A Esinati akuti anadzuka yekha n'kuvala yunifolomu, kunyumba sanayankhule chilichonse chichokereni kuno dzulo.

Ndinamulonjera, sanayankhe. Nthawi ya phala nditafika pa iye anabisa kapu kumbuyo. Madamu atatenga chikho n'kumuthirira, analandira. Ndinapita kukhitchini, ndinaima kaye kumeneko mpaka maso atauma.

Pojambula anakhala mbali ya Madamu. Sarah anamupatsa choko chake chofiira osapemphedwa. Anachilandira, sanajambule.

Tikuyandikira kuweruka ndinali nditagwada ndikupinda mikeka. Ndinangomva chibakera pamsana. Kutembenuka, ndi iye. Anandimenyanso pachifuwa, ndi manja onse awiri, akunena kuti, "Munanama, munanama inu." Kenako kulira kunatuluka, kwenikweni, kokuwa, kumene sanalire chibwerereni. Ana ena anathawira kwa Madamu. Madamu anafuna kudzamuchotsa, ndinapukusa mutu.

Ndinati, "Eya, ndinanama."

Anamenya mpaka manja anatopa. Kenako anagwira bulauzi yanga pakhosi, n'kukanikiza nkhope pamenepo, akulirabe. Batani linaduka. Makolo anabwera, anatenga ana awo mwakachetechete. Madamu anasiya kiyi pawindo n'kupita.

A Esinati anatipeza choncho, ine chogwada pamikeka yosapinda, miyendo itachita dzanzi. Sanamuitane. Anavula matapata pakhomo, analowa, anakhala pansi pambali pathu, n'kudikira.