Sitima ya Bambo Ako Sinathe

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mkazi wako ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono chija chinatha? Musamamusiye osavala juzi. Ine ndilipo, kungoti mawondo, komanso mtima umathamanga foni ikangolira.

Uthenga wako ndinaumva, woti Loweruka kubwera lole kudzanditenga kuti ndizikakhala kwanuko. Unati nyumba yanu ndi yothina, choncho tisitima tapamadzi tosema ta bambo ako tigawidwe kwa ana a anthu aziseweretsa. Lole imeneyo usaitumize. Sindikwera.

Ndikudziwa ukudabwa, poti ine ndimaopa ngakhale galu womangidwa. Bambo ako ankanditcha Mayi Mantha. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali msilikali wapamadzi, mphepo ikangogwedeza malata ndinkati basi, amira. Koma pakhomo pano sindinachokepo.

Atapuma ntchito anadzitsekera m'kanyumba ka kuseri ndi mpeni, guluu ndi timatabwa ta mabokosi a zipatso. Iwe umati ndi zidole. Kasitima kalikonse kamene apanga, asanakaike pashelefu, ankayamba akayandamitsa m'bafa, atavala chipewa chawo chakuntchito, n'kundiitana kuti ndidzachite sawatcha manja ali sopo yekhayekha. Ankati sitima imene sinakhudze madzi ndi bokosi chabe.

Yomaliza ndi chifaniziro cha imene ankagwiramo ntchito. Kunsi kwake analemba mayina a anzawo asanu amene anamwalira kale, n'kusiya malo a dzina limodzi. Matenda anawatenga isanathe.

Tsono pali chimene ndakhala ndikukubisira. Miyezi inayi tsopano ndikuimaliza ndekha. Ndinadzicheka chala, chinatupa, ndinkaganiza kuti achidula. Sanachidule.

Lachiwiri kunabwera a Nangula, mnzawo wa bambo ako uja ankagwira ntchito ku injini, wogontha khutu limodzi. Ataiona anaseka mpaka kutsokomola. Akuti tinyali ndasemphanitsa, kofiira kamakhala kumanzere, kobiriwira kumanja. Akuti ndi nyali zoterezi ndikanagundanitsa sitima zonse popanda mdani kuwomba mfuti, ndipo malemuwo akanandikolopetsa sitima yonse sabata yathunthu. Ndinawafunsa kuti munthu wokhala pansi ku injini, wakuda bii ndi oilo, nyali anaziona liti? Anati nchifukwa chake mnzawo ankathawira kumadzi, pakamwa panga ndi poopsa kuposa mafunde. Atapita ndinalira, kenako ndinapala utotowo n'kupakanso bwinobwino.

Chatsala ndi dzina la bambo ako. Malowo ndi ochepa ngati chikhadabo, ndipo zilembo zanga ndi zazikulu. Ndadzaza mapepala atatu poyeserera. A Nangula anadzipereka kuti alembe, ndinakana. Mwamuna ndi wanga.

Usaganize kuti sindiopa kukhala ndekha. Chitseko ndimachiyesa kanayi ngati ndakhoma. Ndimaganiza kuti ndikagwa m'bafa adzandipeza ndani. Umafuna kundisamala, ndipo ndikuthokoza. Koma ndikakwera lole ija, sitima iyi ikhala bokosi, ndipo bambo ako atsala okha, anzawo onse atalembedwa. Zimenezo ayi.

Loweruka lomwelo ndiiyandamitsa. Bwera wekha pa basi, ukhale mpando wapakati, wakutsogolo ndi woopsa. Sitimayo ndi yaitali ngati mkono ndipo ndi yolemera, pafunika wina agwire kumutu ine ndigwire kumbuyo. Chipewa chija uvala ndiwe. Zosamukazo tidzakambirana itayandama, ndipo udziwiretu kuti kumene ine ndikupita mashelefu akupitanso.

Mwina imira, ndimaziganiza tsiku lililonse. Ikamira ndiivuula, ndiiyanika, ndiyambiranso, ndipo lole yako idikire.

Undiperekere moni kwa mkazi wako, umuuze kuti sindinakwiye naye. Ana uwauze kuti tisitima ta agogo awo n'toona ndi maso, osati kugwira. Mulungu akusungeni nonse, makamaka pamsewu.

Ndine mayi ako,
Mayi Mantha